Wopha njovu agonerenji ndi njala?

Chaka chilichonse mpikisano wa tenisi wa Wimbledon ukangoyamba ku London kumapeto kwa June, atolankhani amakhala atanola kale liwu limodzi lomwe amalikonda zedi: zodabwitsa. Katswiri wina akagwa pa ndime yoyamba, ati zodabwitsa. Mawa wina akagwanso, ati zodabwitsa. Mu 2025, mwa osewera 64 omwe adasankhidwa kuti ndiwo apamwamba, amuna 13 ndi amayi 10 adabandulidwa pa ndime yoyamba penipeni, kuphatikizapo Coco Gauff wa ku America yemwe anali atangotenga chikho cha French Open masabata atatu m'mbuyomo. Nyimbo inali yomweyo. Tsono ine ndimafunsa, chinthu chochitika chaka ndi chaka chingakhale chodabwitsa bwanji? Mvula ikagwa mu January alipo amathamangira kukauza mfumu?

Kuti timvane bwino, tiyeni titenge chaka chimodzi chomwe ziphona zidayoyoka ngati mango akupsa, chaka cha 2013.

Lolemba pa 24 June, tsiku loyamba la mpikisano, Rafael Nadal wa ku Spain adalowa m'bwalo atangotenga chikho chake chachisanu ndi chitatu cha French Open masabata awiri apitawo. Chiyambireni, mkuluyu anali asanagonjepo pa ndime yoyamba ya mpikisano uliwonse mwa mipikisano inayi ikuluikulu ya Grand Slam. Tsikulo adakumana ndi Steve Darcis wa ku Belgium, wa zaka 29, yemwe anali pa nambala 135 pa dziko lonse. Darcis adamuthambitsa 7-6, 7-6, 6-4, osamulola kunyambitako ngakhale seti imodzi.

Anthu asanamalize kukambirana zimenezo lidafika Lachitatu pa 26 June. Roger Federer, mwini chikho pa nthawiyo, munthu yemwe anali atapambana Wimbledon kasanu ndi kawiri komanso kufika m'makotafainolo a Grand Slam maulendo 36 motsatizana, adagonja pa ndime yachiwiri kwa Sergiy Stakhovsky wa ku Ukraine, nambala 116. Maria Sharapova adakwapulidwa 6-3, 6-4 ndi Michelle Larcher de Brito wa ku Portugal, nambala 131, mtsikana yemwe adachita kulowera khomo lakumbuyo la mipikisano yachipulula. Lleyton Hewitt adagwa m'manja mwa Dustin Brown wa ku Germany. Dzuwa lisanalowe, osewera asanu ndi awiri omwe adakhalapo nambala wani pa dziko lonse anali atalongedza zikwama, ndipo osewera asanu ndi awiri adalephera kulowa m'bwalo kapena kumaliza masewero awo, ambiri akudandaula zovulala. Lolemba lotsatira Serena Williams, yemwe anali atapambana masewero 34 motsatizana, adatsogola 3-0 mu seti yomaliza koma nkugonja kwa Sabine Lisicki wa ku Germany.

Zifukwa zomwe zidaperekedwa sabata imeneyo ndi zomwe mumazidziwa kale. Ati udzu unali woterera, ndipo zoona Sharapova adagwa kangapo nadandaula kwa woyimbira. Ati bondo la Nadal linali lisanachire, ndipo zoona adakhala miyezi isanu ndi iwiri osasewera kuyambira pakati pa 2012. Ati nthawi yochoka pa bwalo la dothi la ku Paris kupita pa udzu inali yochepa, ndipo zoona nthawi imeneyo pankangokhala masabata awiri, mpaka mu 2015 pomwe adawonjezera lachitatu. Sindikutsutsa chilichonse pamenepa. Pa udzu wauwisi wa sabata yoyamba mpira umathamanga ndipo sudumpha kwambiri, kotero munthu wozolowera kuima kumbuyo nkumabweza mipira yofika m'chiuno amayenera kuwerama tsiku lonse. Koma taonani chinthu chimodzi: zifukwa zonsezi zikukamba za wogonja. Wopambana uja ali kuti? Kodi udzu unkaterera mbali imodzi yokha ya neti?

Apa ndiye pagona nkhani yanga, abale. Tikati zodabwitsa, timakhala tikunena mwaulemu kuti wopambanayo adangotola, ngati munthu wopeza chikwama cha ndalama mu minibasi. Chonsecho mukafufuza mbiri ya anthuwa mupeza kuti sadatole kanthu.

Darcis anali atapambanapo kale zikho ziwiri za ATP, ku Amersfoort mu 2007 ndi ku Memphis mu 2008. Chaka chimodzi chisanathe, pa masewero a Olympics a 2012 omwe tenisi yake idachitikira pa mabwalo omwewo a Wimbledon, adatulutsa Tomáš Berdych pa ndime yoyamba, Berdych yemwe adafika mu fainolo ya Wimbledon mu 2010. Stakhovsky anali ndi zikho zinayi, chimodzi mwa izo cha pa udzu ku Netherlands mu 2010, ndipo chaka chomwecho adafikapo pa nambala 31. Polimbana ndi Federer sadabwere ndi mwayi, adabwera ndi pulani: kumenya mpira woyamba nkuthamangira ku neti nthawi yomweyo, kaseweredwe kachikale komwe ambiri anali atakataya, kuti Federer asapeze mpata wopuma ndi kukonza mpira momwe amafunira. Adachita zimenezo maola atatu osatopa, osachita mantha ndi dzina la munthu kapena phokoso la anthu a pa Centre Court. Za Lisicki ndiye musachite kunena. Mayiyu adatulutsa mwini chikho cha French Open pa Wimbledon mu 2009, mu 2011, mu 2012 ndi mu 2013: Svetlana Kuznetsova, Li Na, Sharapova, kenaka Serena. Munthu akapha njovu kanayi timatibe idangomugwera yokha?

Nadal yemweyo adagonja pa Wimbledon zaka zinayi zotsatizana kwa anthu a nambala 100 kapena kutsika apo: Lukáš Rosol mu 2012, Darcis mu 2013, Nick Kyrgios mu 2014 ndi Dustin Brown mu 2015. Brown adakumana ndi Nadal kawiri m'moyo wake, konse pa udzu, ndipo konse adapambana.

Chomwe ambiri sitizindikira nchakuti m'bwalo la tenisi kusiyana kwa nambala wani ndi nambala 100 nkochepa kwambiri kusiyana ndi momwe manambalawo amamvekera. Yemwe adazinena bwino ndi Federer mwini wake, polankhula kwa ophunzira omaliza maphunziro pa koleji ya Dartmouth ku America mu 2024. Adawauza kuti pa masewero 1,526 omwe adasewera payekha adapambana pafupifupi 80 pa 100 alionse, koma mapointi omwe adapambana anali 54 okha pa 100 alionse. Tamvani bwino, inu a masamu. Munthu yemwe ambiri amati sadzabadwanso wina, pa mapointi 100 ankaluza 46. Ukatswiri wake wonse unkakhala pa kampata kakang'ono kameneko. Tsono tsiku lomwe msana wauma pang'ono, mnzakeyo nkudzuka mkono uli bwino, kampatako kamatsekeka. Mukaona 7-6 ndiye kuti seti idafika pa 6-6 nkukathera pa tie-break, pomwe mapointi awiri kapena atatu ndiwo amalekanitsa anthu. Pa maseti anayi a Federer ndi Stakhovsky, atatu adathera pamenepo.

Anansi athu a ku Zimbabwe amaidziwa nkhaniyi. Mu 1998 abale awiri, Byron ndi Wayne Black, adakagonjetsa Australia kwawo komwe ku Mildura mu mpikisano wa Davis Cup, pa udzu, ndipo dziko lidati zodabwitsa. Koma anyamatawo adakulira pa mabwalo a udzu omwe bambo awo, a Don Black, omwe adasewerapo pa Wimbledon m'zaka za m'ma 1950, adawakonza pakhomo pawo ku Harare. Odabwa anali amene sankadziwa.

Funso labwino lomwe wina angandifunse ndi ili: ngati anthuwa ali akatswiri chotero, bwanji satenga chikho? Inde, bwanji? Rosol atagwetsa Nadal adagonja masewero otsatira. Stakhovsky atagwetsa Federer adagonja kwa Jürgen Melzer. Larcher de Brito adagonja kwa Karin Knapp. Brown, mu 2013 ndi mu 2015 momwe, adatuluka pa ndime yotsatira. Darcis ndiye sadalowe nkomwe m'bwalo: adavulala phewa pogwa mu seti yoyamba ya masewero ake ndi Nadal, adapirira mpaka kupambana, koma pofika Lachitatu mkono sunkatukuka. Mmodzi mwa asanu ndi awiri ovulala aja anali iyeyo.

Mbali ina ya yankho ndi luso, tisanamizane. Kusewera bwino tsiku limodzi ndi kusewera bwino masewero asanu ndi awiri m'masabata awiri ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo a Federer ndi a Serena adapatsidwa mphatso yomwe ena sadapatsidwe. Koma mbali inayo ndi ndalama, ndipo imeneyi ndiyo sakonda kuilemba.

Wosewera tenisi sali ngati wosewera mpira wamiyendo yemwe timu imamulipira pa mwezi, kumukweza basi, kumugoneka ndi kumupatsa dokotala. Wa tenisi ndi wa geni yake, chimodzimodzi mayi wokaoda katundu ku Dar es Salaam kapena ku Johannesburg. Tikiti ya ndege ndi yake, malo ogona m'mipikisano ing'onoing'ono kawirikawiri ndi ake, kochi akafuna amulipira yekha ndi kumugulira tikiti yake, zingwe za raketi ndi zake, ndipo dziko lililonse lomwe wapatako kangachepe a msonkho amayamba adula kaye gawo lawo. Akadwala palibe malipiro. Akagonja Lolemba, ndiye kuti katundu wagwidwa pa boda, mpamba wapita, ayambirenso sabata yamawa ku dziko lina. Bungwe loyendetsa tenisi pa dziko lonse la ITF litawerengera ndalama za chaka chomwecho cha 2013 lidapeza kuti mwa anthu pafupifupi 14,000 omwe adasewera m'mipikisano ya ndalama, omwe adabweza zomwe adawononga adathera pa nambala 336 kwa amuna ndi 253 kwa amayi, ndipo kuwerengerako sikudaphatikize malipiro a kochi. Ena onsewo ankalipira kuti agwire ntchito.

Anthu a mu 2013 aja aliyense ali ndi nkhani yake pamenepa. Dustin Brown adatha zaka zingapo akuzungulira Ulaya pa galimoto yogonamo yomwe makolo ake adamugulira, akumangira anzake zingwe za maraketi kuti apeze ya mafuta. Jerzy Janowicz wa ku Poland, yemwe adafika mu semifainolo chaka chimenecho, makolo ake adagulitsa masitolo awo kuti mwana asewere, ndipo kumayambiriro kwa 2012 adalephera kupita ku Australian Open kaamba kosowa ndalama ya ulendo. Kirsten Flipkens wa ku Belgium, yemwenso adafika mu semifainolo ya amayi, chaka chapitacho madokotala adamupeza ndi magazi oundana m'mwendo, adatsika kufika pa nambala 262, ndipo bungwe la tenisi la kwawo lidaleka kumuthandiza. Tsono yerekezani munthu wotere ndi katswiri wobwera ndi kochi, wolimbitsa thupi, wothowa minofu ndi womusungira ndalama, nachita lendi nyumba yathunthu pafupi ndi bwalo. Onse awiri akasewera maola atatu lero, mawa adzuke bwino ndani? Wina thupi lake akulisamalira anthu anayi, wina akudzithira yekha madzi oundana m'kachipinda ka hotela. Nchifukwa chake ndikuti wamng'ono amaloledwa kupha njovu kamodzi, koma mpamba woti aphe ziwiri sakhala nawo.

Pali chinthu china chokoma pa masewero a Federer ndi Stakhovsky chomwe ambiri sadachione. Anthu awiriwa ankakhala pa tebulo limodzi mu khonsolo ya osewera a ATP, Federer ngati pulezidenti, Stakhovsky ngati membala wolongolola kwambiri pa nkhani yoti ogonja m'ndime zoyambirira azilandira zambiri. Mu 2012 kudamveka manong'onong'o akuti osewera akhoza kunyanyala Australian Open ya 2013 pa nkhani yomweyi. Eni mipikisano adamva kutentha. Wimbledon ya 2013 idakweza ndalama zonse ndi 40 pa 100, kufika mapaundi 22.56 miliyoni, ndipo wogonja pa ndime yoyamba adachoka pa mapaundi 14,500 kufika pa 23,500. Apa Federer ndi anzake apamwamba ndiwayamikire, chifukwa akadafuna akadangokhala chete nkumadya. Stakhovsky naye ndimugwire pakamwa pa chinthu chimodzi: munthu yemweyo womenyera ufulu wa ang'onoang'ono ankatsutsa zoti amayi azilandira mofanana ndi amuna, zomwe Wimbledon idayamba mu 2007. Chilungamo chothera pa thumba lako lokha ndi chilungamo cha mtundu wanji, amwene?

Ndikudziwa zomwe ena a inu mukunena mumtima, makamaka inu a malonda omwe simukonda zaulere. Mukuti kulipira munthu mapaundi zikwizikwi chifukwa chogonja nkulimbikitsa ulesi, ndipo anthu amagula matikiti kuti akaone Federer, osati Stakhovsky. Pa mfundo yachiwiriyi mukunena zoona ndithu, ndipo palibe akunena kuti onse azilandira mofanana. Koma pa yoyambayo ndikukanirani. M'mpikisano wa amuna mumalowa anthu 128 okha, ndipo kupatula ochepa oitanidwa mwapadera, aliyense amalowa chifukwa wapambana chaka chonse m'matauni omwe simudawamvepo, kapena wadutsa masewero atatu achipulula ku Roehampton. Ndalama ya ndime yoyamba si mphotho ya kugonja Lolemba, ndi malipiro a miyezi khumi ndi iwiri yomwe idamufikitsa pa Lolembalo. Komanso tadzifunsani chomwe Wimbledon imagulitsa. Ikadakhala kuti imagulitsa nkhope ya Federer, bwenzi akungomuimika pa nsanja anthu nkumamujambula. Chomwe ma TV amalipirira mamiliyoni ndi mantha aja akuti mwina lero agwa. Amene amabweretsa manthawo ndi nambala 116. Msika wa anthu olemera anayi okha, wopanda a tomato ndi a kaunjika, si msika, ndi chionetsero.

Tsono onani momwe 2013 idathera. Ku chigawo cha amayi chipwirikiticho chidafika mpaka kumapeto: Marion Bartoli wa ku France, yemwe adaikidwa pa nambala 15, adagonjetsa Lisicki 6-1, 6-4 natenga chikho chake choyamba cha Grand Slam pa ulendo wa 47, ndipo patangotha masabata asanu ndi limodzi adalengeza kuti wasiya tenisi chifukwa thupi latopa. Koma ku chigawo cha amuna, fumbi litakhazikika, mu fainolo mudapezeka nambala wani ndi nambala 2, Novak Djokovic ndi Andy Murray. Murray adapambana 6-4, 7-5, 6-4, mwamuna woyamba wa ku Britain kutenga chikhochi chitengereni Fred Perry mu 1936, ndipo ntchito adaigwira, sindikumulanda. Kungoti Federer ndi Nadal onse anali mbali yake ya ndandanda, ndipo mmodzi wa iwo akadamudikira mu semifainolo. Omwe adamulambulira msewu anali Darcis ndi Stakhovsky. Murray adalandira mapaundi 1.6 miliyoni. Stakhovsky adalandira 63,000, Darcis 38,000, msonkho usanadulidwe.

Kunena chilungamo, zinthu zasunthako kuchokera nthawi imeneyo. Mu 2012 wotenga chikho ankalandira kuchulukitsa ka 79 zomwe ankalandira wogonja pa ndime yoyamba. Mu 2013 zidatsika kufika ka 68. Mu 2025, pomwe wopambana adalandira mapaundi 3 miliyoni ndipo wa ndime yoyamba 66,000, zidafika ka 45. Mu 2024 bungwe la ATP lidayamba kutsimikizira osewera 250 apamwamba ndalama yoti sangatsike pansi pake pa chaka, kuyambira madola 300,000 kwa 100 oyambirira mpaka 75,000 kwa a kumapeto. Zonsezi sizidagwe kumwamba, zidabwera chifukwa anthu adalongolola. Koma mkangano waukulu sudathe. Mu ligi ya basketball ya NBA osewera amatenga pafupifupi theka la ndalama zolowa, pomwe mu 2025 osewera tenisi apamwamba adachita kulemba kalata kwa eni mipikisano inayi ya Grand Slam kudandaula gawo lawo, lomwe silinkafika ngakhale limodzi mwa magawo asanu. Chaka chomwecho bungwe la osewera la PTPA, lomwe adaliyambitsa Djokovic ndi Vasek Pospisil mu 2020, lidatengera mabungwe oyendetsa tenisi ku khoti. Ndipo wa nambala 300, yemwe Wimbledon amangoionera pa TV ngati inu ndi ine, ndalama zokwezedwazi sizimufika.

Anzanga olemba nkhani za masewero, pempho langa kwa inu ndi laling'ono ndipo silifuna bajeti. Chiphona chikagwa, dzina la wochigwetsa lizikhala pa mutu wa nkhani, ndipo mutiuze kuti ndi yani, wachokera kuti, wadya chiyani kuti afike pamenepo. Mawa lake la 24 June 2013 dziko lonse linkakamba za bondo la Nadal, bondo lomwe miyezi itatu isanathe lidakatenga chikho cha US Open ndi kumaliza chaka pa nambala wani. Phewa la Darcis lidakathera ku opaleshoni. Mkuluyu adatsika kwambiri pa ndandanda, adayambiranso m'mipikisano ing'onoing'ono, adathandiza Belgium kufika mu fainolo ya Davis Cup mu 2015 ndi mu 2017, ndipo mu 2017 momwemo, ali ndi zaka 33, adafika pa nambala 38, pamwamba kuposa pomwe adafikapo m'moyo wake wonse. Stakhovsky adasiya tenisi mu January 2022, ndipo patangotha masabata ochepa Russia italowa m'dziko lake adabwerera ku Kyiv kukavala yunifolomu ya usilikali.